Euler ndi Oila, osati Yula

Ophunzira anga, ndikutumiza mawu awa chifukwa dzulo m'kalasi ndinamva dzina la munthu mmodzi likutchulidwa m'njira zitatu. Tiyambe ndi Newton. Ayi, Newton timusiye, ameneyo aliyense amamutchula bwino. Tiyambe ndi amene anandichititsa manyazi ineyo.

Dzina lake limalembedwa Euler. Leonhard Euler anabadwira ku Basel m'dziko la Switzerland mu 1707, kumene amalankhula Chijeremani, ndipo m'Chijeremani zilembo e ndi u zikagundizana zimamveka kuti oi. Choncho dzinali ndi Oila. Ndibwereze: Oila, osati Yula. Ine ndinaphunzitsa chaka chathunthu ndikunena kuti Yula, chifukwa ndinkatengera mmene Chingerezi chimatchulira Europe ndi Euclid. Tsiku lina pa msonkhano wa aphunzitsi a masamu, wolankhula ankangoti Oila, Oila, ine n'kulemba m'kope langa kuti ndikafufuze za katswiri wachilendo ameneyu. Atatenga choko n'kulemba nambala yodziwika m'masamu yotchedwa e pa bolodi, dzina lili pambali pake, ndinatseka kopelo mwakachetechete kuti amene ndinakhala naye pafupi asaone zimene ndinalemba. Wina afunsa kuti, nanga Euclid? Ameneyo musamusinthe, anali Mgiriki, ndipo anzanu onse adzakumvani mukati Yuklidi. Lamulo la oi ndi la maina a Chijeremani okha.

Tili pa Chijeremani pomwepa, pali Leibniz ndi Riemann, ndipo apa m'pamene ambiri mumasokonezeka. Leibniz, amene anasindikiza calculus yake, masamu a mmene zinthu zimasinthira, mu 1684 ndiponso kutipatsa chizindikiro cha dx, ali ndi e kenako i. Riemann ali ndi i kenako e. Njira yake ndi iyi: tchulani chilembo chachiwiri mwa ziwirizi monga munachiphunzirira mu alifabeti ya Chingerezi. Mu Leibniz chachiwiri ndi i, chimene timachitchula ai, ndiye tikuti Laib. Mu Riemann chachiwiri ndi e, chimene timachitchula ii, ndiye tikuti Riiman. Mwina ndafulumira. Leibniz ndi ai, Riemann ndi ii, ndipo musawatembenuze. Z ya kumapeto kwa Leibniz imamveka ngati ts ya m'mawu oti tsiku, choncho dzina lonse ndi Laibnits, ndipo ife Achewa tilibe chifukwa chovutikira pamenepo. Pa Riemann samalani r ija, poti lilime lathu limakonda kuithawitsira ku l. Weierstrass wa ku Berlin naye ali ndi ai yemweyo, koma w yake ndi v, ndipo st imamveka sht: Vaiyashtras.

Tsopano Afalansa. Kapena ndiyambe ndakuuzani za mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Iye ankati mayeso ndi olemba, katchulidwe alibe nako ntchito. Litafika tsiku lofotokoza ntchito yake pamaso pa aphunzitsi, anawerenga dzina la Cauchy monga Chichewa chimawerengedwera, anati Kauchi, ngati akunena kauchi kochepa ka njuchi, ndipo anabwereza kangapo mpaka anthu analeka kumvetsera masamu ake, amene anali olondola ndithu. Augustin-Louis Cauchy anabadwira ku Paris mu 1789, ndipo m'Chifalansa au ndi o, pamene ch ndi sh ya m'mawu oti shuga. Dzinali ndi Koshi.

Chifalansa chimalemba zilembo zambiri zimene sichizitchula. Fermat ndi Ferma, t ija ili chete. Descartes ndi Dekart, ma s onse awiri ali chete. L'Hôpital, amene buku lake la 1696 linali loyamba kuphunzitsa differential calculus, ndi Lopital, h osamveka. Mukapeza m'mabuku ena atalemba L'Hospital musadabwe, ndi munthu yemweyo m'kalembedwe kakale, ndipo s imeneyo nayo siyitchulidwa, choncho musamusandutse chipatala. Lamulo la mu calculus lotchedwa ndi dzina lake kwenikweni analipeza ndi Johann Bernoulli, wa ku Basel komwe kuja, amene anaphunzitsanso Euler, ndipo ameneyu timati Bernuli.

Ndinati Euler ndi ndani? Oila. Ndikudziwa kuti ena mwabwerera kale ku Yula.

Ndatsala pang'ono kuiwala mayi mmodzi, Maria Gaetana Agnesi wa ku Milan, amene buku lake la calculus linatuluka mu 1748. M'Chitaliyana gn ndi ny yathu yomwe ija, choncho musatchule g. Nenani nyenyezi, kenako muchotse nye woyambayo, muikepo a: Anyezi. Lachinayi ndidzalemba maina onsewa pa bolodi, ndipo aliyense adzawerenga limodzi mokweza tisanayambe phunziro la malimiti.