Mwana akafuna sukulu ya nyama zakutchire, ndalama tiziwerengera bwanji?

Zikomo a mfumu, zikomo a komiti, makolo anzanga nonse. Inu anyamata ndi atsikana mwaima kumbuyoko, senderani kuno, malo alipo pa benchipa. Nkhaniyi ndi yanu kuposa ife akuluakulu.

Mwandiitana chifukwa ana angapo m'dera lino, atalemba mayeso a Fomu 4, anena kuti akufuna maphunziro osamalira nyama zakutchire. Makolo mukamva zimenezi mumakhala ndi mafunso awiri. Loyamba mumati, kodi ntchito yake iliko? Lachiwiri, lomwe limakusowetsani tulo, mumati ndalama zake tizitenga kuti?

Loyambalo ndiliyankhe mwachangu. Dziko lino lili ndi mapaki asanu: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi ya kunyanja ku Cape Maclear. Palinso malo anayi osungirako nyama: Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Mwini wake ndi boma kudzera ku nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, koma ena akuyendetsedwa mogwirizana ndi mabungwe. A African Parks anatenga Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Kuno kwathu ku Lilongwe tili ndi bungwe losamalira nyama la Lilongwe Wildlife Trust. Ntchito ziliko, koma si zambiri ngati za uphunzitsi kapena unamwino, ndipo sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti pepala lokha limutsegulira geti. Chifukwa chake ndalama zimene mulowetse pa sukuluyi muzilowetse maso ali gwa.

Musanafunse dzina la koleji, mufunseni mwanayo kuti ntchito imene akuilota ndi iti. Ambiri akamati za nyama amatanthauza a gemu, alonda aja ovala yunifomu, mfuti paphewa. Ntchito imeneyo sifuna digiri. Akalengeza kuti akulemba anthu, amaona satifiketi ya MSCE, thanzi, mphamvu zoyenda mtunda wautali ndi khalidwe, ndipo amene wakulembayo ndiye amakuphunzitsa. Kholo logulitsa munda kuti mwana akatenge digiri pamene mwanayo akungofuna ulonda wa nyama lawononga munda pachabe. Koma ngati akufuna kudzakhala woyang'anira paki, wochita kafukufuku, wowerenga nyama, wophunzitsa midzi yozungulira paki kapena woperekeza alendo, pamenepo sukulu ikufunika, ndipo iliyonse mwa ntchitozi ili ndi khomo lake. Udokotala wa nyama ndiye wina, wa zaka zambiri, ndipo umafuna mwana amene anakhoza bwino kwambiri masayansi.

Tsono makoleji. Tiyambe ndi apakhomo, chifukwa ambiri timathamangira kutali tisanaone zimene zili pafupi. Ku Dedza, m'nkhalango ya Chongoni, kuli Malawi College of Forestry and Wildlife. Ndi koleji ya boma, imaphunzitsa za nkhalango ndi za nyama zakutchire pa satifiketi ndi dipuloma, ndipo anthu ambiri amene mumawaona akugwira ntchito m'nkhalango za boma anadzera kumeneko. Ubwino wake ndi woti kalasi ili m'tchire momwemo. Mwana akatuluka pakhomo la hositelo waponda kale pamalo ophunzirira. Kuchokera kuno ndi ulendo wa minibasi imodzi pamsewu wa M1, kholo mutha kupita m'mawa kukamuona n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Kuno ku Lilongwe tili ndi yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe ya LUANAR, yomwe ili ndi Bunda cha ku Mitundu komanso Natural Resources College, NRC. Ku Bunda kuli madigiri a zachilengedwe, a nkhalango, a nsomba, ndiponso mbali ya nyama zakutchire ndi zokopa alendo. Ku NRC kuli madipuloma. Kumpoto kuli Mzuzu University, komwe amaphunzitsa za nkhalango ndi zokopa alendo. Kuti mwana asankhidwe ku mayunivesite a bomawa pamafunika makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndipo pa maphunziro amenewa amayang'anitsitsa Biology, masamu ndi masayansi ena. Inu a Fomu 3 mwamva? Biology musamuthawe.

Kunja kuli masukulu awiri amene mayina ake amamveka kwambiri. Ina ndi Mweka ku Tanzania, pafupi ndi Moshi, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, yomwe inatsegulidwa mu 1963. Ina ndi Southern African Wildlife College ku South Africa, m'malire mwa Kruger. Ndi masukulu abwino, sindikutsutsa. Koma fizi yake simulipira m'makwacha. Mukukumbukira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti? Dola imene inali pafupifupi K1,180 kubanki inadzuka ili K1,700. Kholo limene linali ndi mwana kunja linagona lili ndi fizi yokwanira, m'mawa mwake ili yoperewera, osadyapo ngakhale tambala. Onjezanipo pasipoti, chilolezo chophunzirira m'dziko la eni, ulendo, ndi vuto lopeza ndalama zakunja m'mabanki mwathu. Ambiri amene amapita kumasukulu amenewa amakhala ali kale pantchito, ndipo amawalipirira ndi abwana awo kapena mabungwe. Malangizo anga ndi akuti mwana ayambire kuno, alowe ntchito, ya kunjayo idzamupeze ali m'kati.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Tikamati koleji yotchipa, ambiri timayang'ana nambala imodzi yokha, ija imalembedwa pa chikalata cholengeza malo. Nambala imeneyo si mtengo wa sukulu. Mtengo weniweni ndi ndalama zonse zimene zidzatuluke m'nyumba mwanu kuyambira tsiku lopereka fomu mpaka tsiku lovala gauni.

Mukafika kunyumba madzulo ano, tengani kope, mukhale pansi bambo, mayi ndi mwanayo. Pamwamba lembani dzina la koleji. Mzere woyamba fizi, ndipo mufunsitse ngati ndi ya chaka kapena ya semesita, chifukwa pamenepa ambiri amapunthwa. Mzere wachiwiri pogona. Kodi hositelo ilipo, ndipo imakwana onse? Ngati sikwana, mwana akachita lendi, ndiye lembani lendi, magetsi, madzi, makala, ufa, ndiwo, sopo. Mzere wina thiransipoti, osati yopita ndi yobwera pa holide yokha, komanso ya kabaza tsiku lililonse ngati nyumbayo ili kutali ndi kalasi. Kenako laputopu, bandulo ya intaneti, kusindikiza manotsi. Ndiye pali zimene maphunziro a nyama amafuna mwapadera: jombo zolimba, chovala cha mvula, chikwama cha kumsana, tochi, nthawi zina tenti. Pomaliza atachimenti, miyezi ija mwana amapita kukaphunzira ntchito kupaki. Funsani kuti amene amalipira ulendo ndi chakudya cha nthawi imeneyo ndani, koleji kapena kholo. Mukawonkhetsa, chulukitsani ndi zaka za maphunzirowo, ndipo muwonjezepo kena, chifukwa mitengo ya chaka chino si ya chaka chamawa.

Mukachita zimenezi ndi makoleji awiri kapena atatu, mudzadabwa. Ina ya fizi yotsika imapezeka yodula chifukwa ili m'tauni mopanda hositelo. Ina ya fizi yokwererapo imapezeka yopepuka chifukwa mwana akugona ndi kudya komweko. Ndipo kwa ife a ku Lilongwe pali mwayi umene anzathu akutali alibe: mwana atha kuphunzira akugona pakhomo kapena kwa achibale, lendi yonse n'kukhala yapulumuka.

Ndikulimbikira pa kope ili chifukwa chinthu chopweteka kwambiri pa nkhani ya sukulu ndi mwana wosiyira panjira. Chaka choyamba mwalipira ndi ndalama za fodya kapena za soya. Chachiwiri mwagulitsa mbuzi, mwatapa ku banki m'khonde. Chachitatu mvula yavuta, mwana wabwerera kunyumba wopanda pepala, ngongole ili pakhosi, ang'ono ake nawonso akufuna fizi ya sekondale. Dipuloma imene mwana wamaliza imaposa digiri imene wasiyira pakati. Ndipo dipuloma si mathero: ali pantchito atha kupitiriza mpaka digiri, akudzilipirira yekha. Kungoti mufunsiretu ngati yunivesite imene akuiganizira imalandira dipuloma ya kolejiyo. Za katapila ndiye ndisanene zambiri. Musalipire sukulu ndi katapila, chonde.

Mayi apo mwakweza dzanja. Mukuti ngongole ya boma? Zikomo, mwandikumbutsa. Lilipo bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene ambiri amangoti Loans Board, ndipo likulu lake lili mumzinda uno. Limathandiza ophunzira osowa amene ali m'masukulu ovomerezeka. Koma ofunsira ndi ambiri, si onse amapatsidwa, ndipo si maphunziro onse amene amalowa m'ndondomekoyi. Funsani msanga, mwana akangolandira kalata ya malo, ndipo mukonzeretu makalata a umboni woti pakhomo ndi povutika. Mwanayo adziwenso kuti ndi ngongole, adzabweza akayamba ntchito kuti ena apindule. Pa kope lija, ngongoleyi musailembe ngati ndalama zomwe zili m'manja kufikira dzina lake litatuluka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mawu oti ovomerezeka andifikitsa pa chinthu china. Masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zikalata zokongola, chithunzi cha mkango pamwamba, pansi alemba kuti dipuloma m'miyezi yochepa, fizi yotsika, ntchito yotsimikizika, tumizani ndalama ya fomu pa nambala iyi. Musatumize. Boma lili ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, lomwe limalembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede, ndipo limatulutsa mndandanda wake. Mukauona mndandandawo muyang'ane zinthu ziwiri, dzina la koleji ndi dzina la maphunziro enieniwo, chifukwa koleji itha kukhala yovomerezeka pa za bizinesi koma ya nyamayo angoiyamba okha. Ngati ndi maphunziro a luso la manja kapena a nthawi yochepa, funsani ngati a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso la manja, akuwadziwa. Ndipo pitaniko ndi miyendo yanu. Kaoneni makalasi, kambiranani ndi ophunzira amene alipo osati mlembi wa pa ofesi yekha, ndipo fizi muzilipira ku akaunti ya koleji kubanki, muzisunga risiti.

Mukafika kumeneko, funso limene ndimalikonda ndi ili: ana anu amapita kutchire kangati, ndipo amapita kuti? Ntchito iyi siphunziridwa pa bolodi pokha. Mwana ayenera kugwira khwekhwe ndi manja ake, waya uja amachotsa ku buleki ya njinga n'kumupinda ngati mphete, kumumangirira ku kamtengo pa njira ya nyama, kumubisa ndi udzu. Munthu wosazolowera amadutsa pomwepo osaona kanthu, pamene wophunzira bwino amaona udzu wopindika mosayenera n'kuima. Ayenera kudziwa kusiyanitsa mapazi a fisi ndi a kambuku, kuona ndowe za njovu n'kunena ngati yadutsa lero kapena dzana, kugwiritsa ntchito GPS, kulemba lipoti lomveka. Koleji imene sitha kukuuzani paki kapena nkhalango kumene ana ake amakachitira atachimenti ikugulitsani pepala lokha, ngakhale itatchipa bwanji.

Funsaninso ngati amaphunzitsa kugwira ntchito ndi anthu. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo nonse munamva madandaulo a midzi ya m'malire mwa pakiyo, minda kuwonongeka, anthu ena kutaya miyoyo. Wogwira ntchito kumeneko amakhala pansi pa mtengo ndi mfumu ndi mlimi amene chimanga chake chadyedwa usiku umodzi, ndipo ayenera kumva ululu wake asanayambe kulankhula za lamulo. Lamulolo aliphunzirenso, chifukwa kuyambira 2017 chilango cha milandu ina ya nyama zotetezedwa, monga ya minyanga ya njovu ndi ngaka, chimafika zaka 30 m'ndende.

A gogo akufunsa ngati ntchitoyi ndi ya atsikananso. Eya, agogo. Alipo amayi olondera mapaki, alipo ochita kafukufuku, alipo operekeza alendo. Chimene kholo la mtsikana muonetsetse ndi pogona: hositelo yotetezeka ikhale patsogolo pa kope lanu, ngakhale itakweza mtengo pang'ono.

Inu ana, pamene mukudikira zotsatira musangokhala. Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zopulumutsidwa, ili pakati pa Old Town ndi City Centre, minibasi imadutsa pomwepo. Pitani mukafunse za ntchito imene imagwiridwa, kutsuka makola ndi kukonza chakudya cha anyani, osati kujambulitsa kokha. Kumene kuli kalabu ya zachilengedwe kusukulu, lowani, ndipo kalata iliyonse yotsimikiza kuti munathandizapo muisunge mu fayilo limodzi ndi satifiketi, idzafunika pofunsira malo ndi ntchito.

A mfumu, ndaona manja ena atatu kumanzereku. Tiyambe ndi bambo avala chipewa apo.