Magetsi a nkhuni omwe sanayake ku Holyhead

Moni nonse, kaya muli ku Area 25, ku Joni, kaya mwangoweruka kumene ku shifiti ya usiku ku Leeds. Ndikulankhula kuchokera ku Holyhead, pachilumba cha Anglesey kumpoto kwa Wales, komwe zombo zopita ku Dublin zimanyamukira. Mchemwali wina wanditumizira uthenga pa WhatsApp, akuti, "Achimwene, ndamva kuti kumeneko kukutsegulidwa freeport, kodi bambo akunyumba angapezeko ntchito yamagetsi?" Freeport ndi dera lapadoko lomwe makampani amachepetseredwa misonkho kuti abwere kudzatsegula ntchito. Achemwali, ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere njira yaitali.

Ukamalowa m'tauni muno pamsewu wa A55 umadutsa malo aakulu otchedwa Penrhos. Pamenepo panali fakitale yosungunula aluminiyamu, Anglesey Aluminium, ya makampani a Rio Tinto ndi Kaiser. Inkadya magetsi ochuluka zedi, ndipo inkawagula motchipa ku siteshoni ya nyukiliya ya Wylfa, pachilumba chomwechi. Mgwirizano wa magetsiwo utatha mu Seputembala 2009, ng'anjo zinazima, anthu pafupifupi 400 n'kukhala pakhomo. Kwa tauni yaing'ono ngati ino, amenewo anali maliro. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kuli agogo ena aamuna omwe anathera unyamata wawo mmenemo. Dzina langa amaliiwala tsiku lililonse, koma ndikamawameta ndevu amandifotokozera bwinobwino za lamba wapansi panthaka yemwe ankanyamula katundu kuchoka padoko kukafika m'fakitale.

Ndiye panabadwa maganizo oti pamalopo pamangidwe siteshoni yopanga magetsi pootcha nkhuni, yomwe kuno amati biomass. Musaganize za mitolo ya nkhuni ya pa Zalewa ayi. Ndi tizidutswa ta mitengo tobwera pazombo kuchokera kunja, n'kumatiotcha kuti nthunzi izungulitse makina. Doko linalipo kale, mawaya akuluakulu a magetsi analiponso. Boma la ku London linapereka chilolezo mu 2011, cha mamegawati 299. Kuti mumvetse kukula kwake, Kapichira yathu ija imapanga pafupifupi 130 basi.

Nanga bwanji 299, osangoti 300? Apa ndinaseka nditamva. Lamulo linkati siteshoni ya mamegawati 300 kupita m'mwamba iyenera kusonyeza kuti ili ndi malo ndi njira yodzakolera mpweya wa kaboni mtsogolo. Eni ake anangotsitsa ndi imodzi, nkhani n'kuthera pompo. Kuchenjera kulibe mtundu, abale anga.

Eni fakitale aja sanamange okha. Malowo pamodzi ndi chilolezo chake anagulitsa, n'kufika m'manja mwa kampani yotchedwa Orthios. Apa maloto anakula. Ankati kutentha kotsala kuzikafunditsa madamu owetera nsomba ndi ma prawns, komanso nyumba zolimamo ndiwo zamasamba popanda dothi. Mu Okutobala 2015, pomwe pulezidenti wa China Xi Jinping anabwera ku Britain, kunalengezedwa kuti kampani ya SinoFortone iika mapaundi 2 biliyoni pa ntchito ziwiri, ino ndi ina ku Port Talbot. Anzanga akuntchito amati nthawi imeneyo anyamata ena anasiya zopita ku Liverpool kukasaka ntchito, ati tidikire zapakhomo pano.

Ndalamazo sizinaoneke.

Ine mmene ndimaionera, vuto silinali la Matchaina okha. Magetsi a nkhuni zochokera kutsidya la nyanja ndi okwera mtengo, sangapikisane pamsika boma litapanda kuwonjezerapo ndalama. Ndipo boma linali litayamba kale kubweza dzanja: linaika malire a mamegawati 400 pa masiteshoni atsopano amtunduwu oti alandire thandizo lake, ku England ndi Wales konse. Oteteza chilengedwe nawo ankafunsa kuti kudula mitengo ku America, kuiwolotsa nyanja n'kudzaiotcha kuno, ndiye kusamala dziko kwake kumeneko? Ku Blyth, kumpoto kwa England, kampani ya RES inasiya pulani yangati yomweyi mu 2014, ikudandaula za kusinthasintha kwa boma. Chilolezo chingathe kugulitsidwa kangapo, aliyense n'kudyapo yake, njerwa ngakhale imodzi isanayalidwe.

Orthios inatembenukira ku ntchito ina, yosandutsa mapulasitiki otayidwa kukhala mafuta, koma mu Malichi 2022 inagwa, anthu oposa 100 ntchito n'kuwathera. Chaka chomwecho Stena Line, eni zina mwa zombo zopita ku Dublin zija, anagula malowo. Chumuni chachitali cha fakitale ija, chomwe anthu akuno ankati akachiona amadziwa kuti afika kwawo, anachigwetsa ndi mabomba mu Malichi 2024. Ena anaimika magalimoto m'mbali mwa msewu n'kumajambula pafoni, ena misozi ili mbwe.

Ndikamva zonsezi ndimakumbukira Kam'mwamba ku Neno, siteshoni ya malasha ya mamegawati 300, nayonso yodalira ndalama za ku China, yomwe tinaimva pawailesi mpaka makutu kuwawa. Ndili kumudzi ndinkayesa zoterezi n'zathu zokha. Kuno ku Anglesey awanamiza kawiri, chifukwa Hitachi nayo inasiya pulani yomanga nyukiliya yatsopano ku Wylfa mu 2020. N'chifukwa chake mukamuuza munthu wakuno kuti ntchito masauzande zikubwera, amangogwedeza mutu n'kupitiriza kumwa tiyi wake.

Tsono achemwali, freeport ija ndi yoona, inalengezedwa mu 2023, ndipo mwina ulendo uno zitheka. Koma musagulitse puloti yanu chifukwa cha nkhani ya m'nyuzipepala. Bambowo ayambe afufuza ngati mapepala awo a zamagetsi angavomerezedwe kuno, aonenso malamulo a viza, poti asintha kwambiri pa nkhani yobweretsa banja. Ntchito zomwe ndikuziona ndi maso pano ndi za care (zosamalira okalamba), za padoko ndi za m'mahotela nthawi yotentha. Sabata yamawa tikambirana za lendi, poti ambiri mwafunsa.