Kadzidzi wa ku Joni

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli pa Chitakale, ku Limbuli, ku Muloza, kaya muli kuno ku Joni ngati ine. Lero ndikamba nkhani imene ndakhala ndikuizengereza.

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni panyumba ina kuno ku Johannesburg. Miyezi ingapo yapitayo abwana anabwera ndi bokosi lamatabwa, n'kundiuza kuti ndilikhome pamwamba mumtengo. Nditafunsa ntchito yake anati ndi nyumba ya kadzidzi, azigonamo n'kumadya makoswe. Abale anga, kadzidzi! Kwathu mbalame imeneyo ikalira padenga, agogo ankatuluka ndi chikuni chamoto n'kuigenda, chifukwa yabwera ndi uthenga wa maliro. Bokosilo ndinalikhoma manja akunjenjemera. Pasanathe mwezi kadzidzi anabweradi, ndipo kachipinda kanga kali pansi pa mtengo womwewo. Usiku umene analira koyamba tulo tinatha. Cha m'ma 2 koloko ndinaimba foni kumudzi.

"Amayi, kuli bwanji kumeneko? Palibe akudwala?"

"Tili bwino mwanangu. Kwagwanji usiku uno?"

Nditawafotokozera anakhala kaye chete, kenako anati, "Pemphera ugone. Kadzidzi wa kumeneko satidziwa ife."

Ife a ku Mulanje tinakula tikuyang'ana phiri, ndipo nsonga yake, ya mamita 3,002, dzina lake lomwe ndi chenjezo: Sapitwa. Ankatiuza kuti ukapeza chakudya m'phirimo, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, idya wekha, usaitane mnzako, usatengeko kunyumba. Mu 1991 madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe, akuluakulu anati Napolo wadutsa. Zimenezi ine sindizinyoza ayi. Zinatiphunzitsa kulowa m'phiri mwaulemu, ndipo mpaka lero ndikamva dzina la Dziwe la Nkhalamba mtima umafika kwathu.

Chimene chimandipweteka ndi cha 2017. Mphekesera za anamapopa zinabuka kwathu komweko mu Seputembala, n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo, mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata akutchinga misewu, ndipo anthu anaphedwa pongowaganizira chabe. Ine nthawi imeneyo tikiti ya basi ndinali nditagula, katundu nditamanga, patatha zaka zitatu ndisanaponde kwathu. Amalume anandiimbira.

"Mphwanga, usabwere. Mlendo aliyense wonyamula chikwama akumuthamangitsa, ndipo anyamata a kuno nkhope yako anayiiwala."

Ndinamvera, katundu ndinamasula. Bambo anga anamwalira Januwale wotsatira. Jekete imene ndinawagulira ikadali m'sutikesi, sanaione n'komwe. Palibe amene anapopedwa magazi m'mudzi mwathu, koma mantha okhawo anandilanda mwayi wowagwira dzanja komaliza.

Ndipo mantha amenewa timawoloka nawo pa Beitbridge. Mnzanga wina wa ku Thyolo wagwira ntchito kuno zaka zambirimbiri, ndalama anasunga, koma akukana kumanga nyumba ya malata kumudzi. Akuti akamanga amulodza, apo ayi anena kuti anakhwimira. Mayi ake akugonabe m'nyumba yothonya. Ndikamufunsa kuti wolodzayo ndani, amatchula azakhali ake, gogo wokalamba amene anamulera yekha ali mwana. Pamenepo ine mtima umandiwawa kwambiri, chifukwa gogo ameneyo sakudziwa n'komwe chifukwa chimene mwanayo anasiyira kumuimbira foni.

Kadzidzi uja akadalipo, ndipo pano waswa ana awiri. Makoswe anathadi pabwalo. Koma ndikuuzeni zoona, akalira ndimadzidzimukabe, ndipo nthawi zina dzanja limapita lokha pafoni. Zimene unayamwira sizichoka tsiku limodzi.

Disembala uno ndikubwera. Ndidutsa pa Tete, ndilowere pa Mwanza, ndikaone manda a bambo. Njerwa amalume anaotcha kale, ndipo nyumba yanga ndikaimanga masana, aliyense akuona. Mnzanga wa ku Thyolo uja ndamupempha kuti tikwere basi imodzi, akapereke moni kwa azakhali ake. Sanandiyankhe, koma dzulo anandifunsa mtengo wa tikiti.

Tikumanenso sabata yamawa. Mugone bwino.