Onga wakale wopezeka m'chitini: kodi tingadzazire zipolopolo?

Zikomo amfumu, zikomo a komiti ya chitetezo cha m'dera, azibambo ndi azimayi nonse. Funso lomwe mwatipatsa lero ndi ili: munthu wapeza chitini cha onga m'katundu wa malemu kapena m'nyumba yosungira zipangizo pa esiteti, pepala la pachitinipo linafufutika kalekale, ndiye angadziwe bwanji mtundu wake kuti adzazire zipolopolo? Yankho lake ndi loti ndi maso simungadziwe, ndipo onga wosadziwika dzina sulowa m'mfuti.

Za lamulo tidutsepo msanga. Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zimasungidwa ndi laisensi yochokera kupolisi. Amene akufuna kumadzaza yekha zipolopolo ayambe wafunsa kulikulu la apolisi ku Area 30 ngati chilolezo chake chikumulola kutero.

Onga ulipo wa magulu awiri. Woyamba ndi wakuda, uja wa mfuti za gogodera, umene umatulutsa chiutsi choyera n'kusiya mwaye mumpope wa mfuti. Wachiwiri ndi wopanda utsi, wopangidwa ndi mankhwala oyaka msanga otchedwa nitrocellulose. Anaupanga koyamba ndi Paul Vieille ku France mu 1884, ndipo mu 1889 a ku Britain anatulutsa wawo wotchedwa cordite, wa tizingwe titalitali, umene umapezeka m'zipolopolo zakale za mfuti ya .303. Msampha woyamba uli apa: onga wambiri wopanda utsi nawonso ndi wakuda, chifukwa amaukuta ndi graphite, chija chakuda cha m'kati mwa pensulo. Munthu akaona kudako n'kuuthira m'gogodera ndi muyezo wa onga wakuda, mpope umang'ambika pafupi ndi nkhope yake ndi dzanja logwirizira.

Tsono mkati mwa gulu lachiwirili muli mitundu yochuluka zedi, ndipo chimene chimaisiyanitsa ndi liwiro la kayakidwe. Wa mapisitolo ndi mashotigani umayaka mofulumira. Wa mfuti zazitali umayaka pang'onopang'ono, kuti uzikankha chipolopolo mpaka kukafika kumapeto kwa mpope. Mukathira m'mbale muona wina uli wa tizibenthu tophwatalala, wina tozungulira, wina timitengo tokhala ndi kabowo pakati. Koma liwiro silidalira kaonekedwe kokha. Opanga amapaka mankhwala ochedwetsa moto kunja kwa kanjere kalikonse, ndipo mankhwalawo saoneka. Mitundu iwiri itha kufanana ndendende m'mbale, koma n'kusiyana kutalitali m'mfuti.

Taonani manambala ake. Onga amayeza m'ma grain, ndipo grain mmodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065. Chipolopolo cha pisitolo cha 9mm chimadya ma grain 4 mpaka 6 a onga wofulumira. Cha mfuti yaitali cha .308 Winchester chimadya oposa 40 a onga wochedwa, ndipo malire a mphamvu yake ndi 62,000 psi (muyezo wa kukankha kwa mpweya mumpope). Mukathira onga wa pisitolo ma grain 40 m'chigoba (kachibekete kosunga onga) cha .308, wonsewo umapsa chipolopolo chisanasunthe n'komwe bwinobwino, mphamvu imapitirira malire aja kutali, ndipo chitsulo chotsekera kumbuyo chimasweka. Mukasemphanitsa, onga wochedwa m'kachigoba kakang'ono sugwira moto mokwanira, chipolopolo chimatha kutsakamira pakati pa mpope, ndiye chotsatiracho chikachipeza, mpope umatupa kapena kuphulika.

Ena amati tiwotche onga pang'ono pasimenti tione. Zimenezo sizithandiza. Onga wopanda utsi ukakhala pamtetete umangoyaka mosathamanga kwenikweni, khalidwe lake lenileni limaoneka ukatsekeredwa. Ngakhale theka la dzina silokwanira. Pali mitundu ya onga yotchedwa IMR 4350, H4350 ndi Accurate 4350, nambala imodzi koma miyezo yake yosiyana. Pa onga wa Somchem wa ku South Africa, S335 ndi S365 ndi wa mfuti zazitali koma wosiyana liwiro, pamene MP200 ndi wa pisitolo. Ndipo chitini chotsegulidwa kale, mwini wake atamwalira, chilibe mboni: mwina anakhuthuliramo zotsalira za mtundu wina. Onga wosakanizika palibe buku limene lili ndi muyezo wake.

Chimene mungadziwe ndi mphuno ndi maso n'choti waonongeka kapena ayi, ndipo apa mpofunika kumvetsera. Nitrocellulose imaola yokha pang'onopang'ono n'kumatulutsa asidi. Opanga amaikamo mankhwala ogwira asidiyo, monga diphenylamine, koma pakapita zaka amatha mphamvu, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Chitini chimene chakhala kudenga la malata, n'kupsa ndi dzuwa la Okutobala chaka ndi chaka, musachiyerekeze ndi chimene chinali pozizira. Onga wabwino umanunkhira pang'ono ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Woonongeka umalasa m'mphuno ndi fungo lowawasa, umakhala ndi kafumbi kofiirira, umagwirana mibulu, ndipo mkati mwa chivundikiro mumachita dzimbiri. Chitini chikamamveka kufunda chili pamthunzi, tulutsani anthu m'nyumbamo, chifukwa onga wotero umatha kuyaka wokha. Sitima ziwiri zankhondo za ku France, Iéna mu 1907 ndi Liberté mu 1911, zinaphulika padoko la Toulon, ndipo chimene chinalozedwa chala ndi onga wokalamba. Anafa ndi anthu mazanamazana.

Ndiye mukapeza chitini chotere mutani? Ngati chivundikiro chagwira dzimbiri, musachikakamize ndi mpeni kapena kuchigogoda. Musakhuthulire ongawo m'botolo lagalasi kapena kuutsekera m'thiranki yachitsulo, chifukwa chidebe cholimba ndicho chimasandutsa moto kukhala kuphulika. Chiikeni panja pamthunzi, kutali ndi mbaula, nkhuni, mafuta ndi ana, kenako dziwitsani apolisi apafupi kuti akutsogolereni. Musakwere nacho minibasi. Musataye kudzala, poti kudzala timayatsako moto. Amayi ena afunsa ngati madzi angauphe. Wakuda madzi amauononga, koma wopanda utsi susungunuka m'madzi, ukauma umayakanso.

Pali mwayi umodzi wokha woti onga wakale ugwire ntchito: chitini chake chenicheni, chosatsegulidwa kapena chimene munatsegula nokha, dzina lonse ndi nambala ya gulu lomwe unapangidwira zikuwerengeka, fungo lili bwino, fumbi lofiira mulibe. Zikatero pezani tebulo la miyezo lochokera kwa opanga ongawo, la dzina lomwelo, mtundu wa chigoba womwewo, kulemera kwa chipolopolo komweko ndi fataki (kakapu koyatsa onga) yomweyo. Yambani ndi muyezo wotsikitsitsa umene walembedwa. Ngati alemba wapamwamba wokha, kawirikawiri timachotsera magawo 10 pa 100 alionse, pokhapokha opanga ataletsa, chifukwa ulipo onga wina umene sufuna kuchepetsedwa kwambiri. Muyezo uliwonse udutse pasikelo, osati pasupuni. Patebulo pazikhala chitini chimodzi basi, ndipo musanakhazike zipolopolo unikani ndi tochi m'zigoba zonse kuti muone ngati mulibe chothiridwa kawiri kapena chopanda kanthu.

Dzazani zisanu zokha, muyese pamalo ololedwa kuomberapo mutavala magalasi oteteza maso. Pa mfuti yaitali muzikweza ndi theka la grain nthawi iliyonse, osapyola malire a m'tebulo. Chigoba chilichonse muzichitola n'kuchiyang'ana. Fataki ikaphwanyika kukhala yosalala mpaka m'mbali, bawuti (chitsulo chotsekera kumbuyo chija) ikamalimba potsegula, kapena pakaoneka kachizindikiro kowala pamatako a chigoba, lekani pomwepo, mphamvu yachuluka. Mukakoka kachitsulo kowombera koma osalira, musatsegule msanga: mfuti ikhale cholozabe kutsogolo kwa mphindi yathunthu, chifukwa onga wokalamba umatha kugwira moto mochedwa. Ikalira mofooka, tulutsani zonse, musuzumire mumpope kuchokera kumbuyo musanaikemo china.