Kupeta ndi Kumanga Zinyalala za Nyukiliya

Azibambo ndi azimayi, ambiri mwa inu mumadutsa pafupi ndi milu ya mchenga wachikasu ija ili kumwera kwa Johannesburg, ndipo ena agogo anu anakhetsa thukuta m'migodi imene inautulutsa. Mumchengamo muli yuraniyamu, yemwe uja anayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009. Lero tikambirane zimene zimatsala yuraniyamu akatha kupanga magetsi, monga zikuchitikira ku Koeberg pafupi ndi Cape Town kuyambira 1984.

Ndodo za yuraniyamu zikatulutsidwa m'ng'anjo ya nyukiliya, pafupifupi magawo 95 mwa 100 amakhala akadali yuraniyamu, gawo limodzi ndi pulutoniyamu (chitsulo china chimene chimapangika m'ng'anjomo), ndipo kagawo kotsalako ndi kamene kamatulutsa radiation yochuluka kwambiri, cheza chosaoneka ndi maso chimene chimawononga thupi. Ku La Hague m'dziko la France amachita zonga kupeta. Amaduladula ndodozo n'kuzisungunula mu asidi wa nitric, kenako amasakaniza madziwo ndi mankhwala a tributyl phosphate othiridwa m'mafuta onga palafini. Mafutawo amatenga yuraniyamu ndi pulutoniyamu n'kuyandama nazo pamwamba, pamene madeya oopsawo amatsala mu asidi. Njirayi imatchedwa PUREX.

Ntchito yovuta ili pa madeyawo, chifukwa chinthu chamadzi chimadontha, ndipo chikalowa m'nthaka chimakafika kuzitsime. N'chifukwa chake amawaumitsa, n'kuwasakaniza ndi galasi lapadera losungunulidwa pa kutentha kopitirira madigiri 1,000, kenako amathira phalalo m'migolo ya chitsulo chosachita dzimbiri. Musaganize za botolo lokhala ndi mankhwala mkati. Zinyalalazo zimasanduka mbali ya galasi lenilenilo, moti ngakhale litasweka, chidutswa chilichonse chimagwirabe zake. Galasi silichotsa radiation, limangoletsa kuti zinyalala zisayende, ndipo mfundo imeneyi ambiri amaisokoneza. Radiation imachepa yokha pang'onopang'ono: mphamvu ya cesium-137, chimodzi mwa zinthu zimene zili m'madeyamo, imatsika ndi theka pakapita zaka pafupifupi 30, koma ya pulutoniyamu-239 imafuna zaka zoposa 24,000.

Mu 1978 Ted Ringwood wa ku Australia anapanga mwala wotchedwa Synroc womangiramo zinyalala zotere m'malo mwa galasi, potengera miyala yachilengedwe imene yasunga yuraniyamu kwa zaka mamiliyoni osamutaya.

South Africa muno sapeta ndodo zimenezi. Za ku Koeberg zimasungidwa konko m'madziwe ndi m'migolo ikuluikulu, ndipo ku Vaalputs ku Northern Cape kumakwiriridwa zinyalala za mphamvu yocheperapo zokha.