Makalata a Omvera: Khofi, Mapilitsi Othamangitsa Tulo ndi Magazi a mu Ubongo

Takulandirani nonse, a ku Angónia, Tsangano, Moatize mpaka ku Zóbuè. Sabata yatha tinawerenga funso la adalaivala ena a thiraki a pa msewu wa Zóbuè ndi Cuchamano: masiku a ulendo amamwa zitini zinayi za chakumwa chopatsa mphamvu, nanga bwanji mutu umawapweteka tsiku lopuma? Makalata awiri ayankha.

Yoyamba yachokera kwa anamwino a ku Ulongwe:

"Bambo muulutsi, ubongo umalandira magazi pafupifupi mamililita 750 pa mphindi. Munthu akakhalitsa maso, mu ubongo mumachuluka adenosine, chinthu chimene thupi limapanga lokha. Iyeyu ndiye amabweretsa tulo, ndiponso amamasula mitsempha ya magazi. Kafeini, wopezeka mu khofi ndi m'zakumwa zopatsa mphamvu, amakatseka malo amene adenosine amafikira, ndiye tulo timathawa koma mitsempha imapanikizika. Mamiligalamu 200 mpaka 250, makapu awiri kapena atatu a khofi, amachepetsa magazi opita ku ubongo ndi 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Munthu wathanzi sakomoka nazo, chifukwa ubongo umangotapa mpweya wochuluka m'magazi ochepawo. Koma thupi limazolowera. Mukasiya mwadzidzidzi, mitsempha ija imatanuka, magazi n'kuchuluka, mutu n'kuyamba kugunda pakadutsa maola 12 mpaka 24. Umafika poipa cha tsiku lachiwiri, ndipo utha kutenga masiku 2 mpaka 9."

Zikomo amayi, mwalongosola bwino. Achimwene a thiraki, tiyeni tiwerengetsere. Chitini cha Red Bull cha mamililita 250 chili ndi mamiligalamu 80 a kafeini, zinayi ndi 320. Mutu ukayamba mumathamangira Panadol Extra, amene pilitsi lililonse lili ndi 65. Awiri ndi 130, mwafika 450, pamene malire a munthu wamkulu ndi 400 pa tsiku, a mayi woyembekezera 200. Tiyi sitinamuwerengere, kapu imodzi 40 mpaka 50. Mapilitsiwo amachizadi mutu pakuti apanikizanso mitsempha, koma mawa lake nkhani ndi yomweyo. Chotsani chitini chimodzi pa masiku atatu alionse, osasiya zonse kamodzi. Dziwaninso kuti theka la kafeini limatha m'thupi pakadutsa maola pafupifupi 5: wa 4 koloko madzulo akadali m'magazi 9 koloko usiku.

Yachiwiri ndi ya bambo ena ogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Moatize:

"Ena a shifiti ya usiku ku migodi ya malasha amafunsa za modafinil, mapilitsi othamangitsa tulo. Anavomerezedwa ku America mu 1998 pochiza narcolepsy, matenda ogona mwadzidzidzi masana, ndipo adokotala amalemba mamiligalamu 200 m'mawa. Njira yake ndi ina: amachititsa kuti dopamine, chinthu chonyamula mauthenga mu ubongo, akhalitse pakati pa maselo a ubongo. Zithunzi za ubongo zimaonetsa kuti kayendedwe ka magazi kamasintha m'zigawo zina zokha. Theka lake limatha pakadutsa maola 12 mpaka 15, choncho womwa madzulo sagona. Amakweza BP, amafooketsa mapilitsi olera ngakhale njira yolera yoika pamkono, ndipo ziwengo zikatuluka pakhungu kapena zilonda m'kamwa, asiyidwe pomwepo n'kupita kuchipatala. Oopsa zedi ndi amphetamine ndi methamphetamine ogulitsidwa mobisa. Amafinya mitsempha kwinaku BP ikukwera, ndiye mtsempha utha kuphulika mu ubongo ngakhale kwa mnyamata wa zaka 25."

Tathokoza bambo. Za kulerazo ambiri sazidziwa, amayi mwamva. Ine ndingowonjezera kuti a BP yokwera asamalenso ndi mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, nawonso amapanikiza mitsempha. Werengani pa paketi. Mutu woopsa wobwera ngati mphezi, pakamwa kupindika, mkono kufooka kapena lilime kulemera, musadikire kuche, thamangirani ku chipatala chapafupi kapena ku Hospital Provincial de Tete.

Ndipo mankhwala onsewa sachotsa adenosine, amangomubisa. Chomuchotsa ndi tulo basi. Achimwene, mukayamba kusinza pa chiwongolero, imani pamalo abwino, imwani kapu ya khofi, gonani mphindi 15 mpaka 20. Kafeini amayamba kugwira cha pa mphindi 30, ndiye podzuka mudikire pang'ono musanalize injini.