Richmond: Tauni Imene Mtsinje Umalowa Mumsewu

(Chithunzi: galimoto yoima m'mbali mwa mtsinje, madzi afika m'matayala)

Taonani galimoto iyo. Mwiniwake anaiimika pouma bwinobwino, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera aipeza ili m'madzi. Mvula sinagwe ayi. Kuno ndi ku Richmond, kumwera chakumadzulo kwa London, ndipo mtsinje mukuwuonawu ndi Thames.

Nyanja yamchere ili kutali ndi kuno, komabe kawiri patsiku madzi ake amakankha mtsinjewu kuti ubwerere chakumtunda, mpaka kukafika ku Teddington. Mwezi ukakhala wathunthu kapena wakhanda, madziwo amakwera kwambiri, n'kusefukira m'njira za m'mbali. Eni dera anazolowera. Amene amagwa nazo ndi alendo.

Koma vuto lakale linali lina: madzi kuphwa. Mlatho wakale wa London Bridge unali ndi zipilala zothinana zimene zinkatchinga madzi ngati damu. Atauphwasula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1830, madzi akamatsika ankathawa onse, ku Richmond n'kutsala matope okhaokha, maboti n'kumatitimira. Ndiye mu 1894 anatsegula Richmond Lock, chotchingira madzi cha pamtsinjepo.

(Chithunzi: zitseko zitatu zachitsulo pansi pa mlatho wa anthu oyenda pansi)

Zitseko izi amazitsitsira mumtsinje kuti zigwire madzi asathawe. Madzi a kunyanja akamakwera, ogwira ntchito pamalopo amazikweza m'mwamba, maboti n'kumadutsa pansi pake. Chaka chilichonse cha mu Novembala amazisiya zotsegula kwa masabata angapo kuti azikonze, ndipo pamenepo mumaona pansi pa mtsinje poyera: miyala, mabotolo, njinga zadzimbiri.

Mtsinje womwewu ndi umene unakopa mafumu. Kale msewu weniweni unali pamadzi, moti mfumu inkangokwera bwato kuchoka ku Westminster. Malowa ankatchedwa Sheen. Nyumba yachifumu itapsa mu 1497, Henry VII anamanga ina, ndipo mu 1501 anaipatsa dzina loti Richmond, potengera dera la ku Yorkshire limene panachokera udindo wake asanakhale mfumu. Elizabeth I anamwalirira m'nyumba imeneyi mu 1603. Lero chatsala ndi chipata cha njerwa ndi tizigawo tochepa pafupi ndi bwalo la Richmond Green. Mukapanda kuuzidwa mutha kungodutsapo.

Kuwoloka kunali kwa bwato, anthu ndi akavalo omwe, mpaka mlatho wamiyala wa Richmond Bridge utatha kumangidwa mu 1777. Mwa milatho yonse ya pa Thames mu London imene idakalipo, wakale kwambiri ndi uwu. Anthu ankalipira powolokapo mpaka 1859. Masiku ano mabasi ofiira amathinana pomwepo.

Kenako kunabwera njanji mu 1846, sitima za District mu 1877, ndipo Richmond inasanduka kogona kwa anthu ogwira ntchito mumzinda. Sitima yachangu imakufikitsani pa siteshoni ya Waterloo, pakati pa London, m'mphindi pafupifupi 20. District amaiwerengera m'gulu la sitima zapansi panthaka, koma kuno imayenda padzuwa ngati zina zonse.

(Chithunzi: agwape akudya msipu)

Kumtundaku kuli Richmond Park, imene Charles I anaimangira mpanda mu 1637 kuti azisakamo agwape, ndipo agwapewo alimobe mazanamazana. Nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya John Lewis, wofulula mowa. Mwana wamkazi wa mfumu, Amelia, atatseka zipata kuti anthu wamba asalowe, Lewis anapita nayo nkhaniyi kukhoti ndipo mu 1758 anapambana. Wofulula mowa kugonjetsa mwana wa mfumu!

Mukaima pa Richmond Hill mumaona mtsinje ukukhota pakati pa mitengo ndi madambo. Maonekedwe amenewa amatetezedwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1902. Lamulolo silinaganizire za kumwamba: ndege zotera ku Heathrow zimadutsa pamutu motsatizana, moti pojambula vidiyo ino ndasiya kulankhula kangapo kudikira kuti phokoso lidutse.

(Chithunzi: galimoto ija, madzi atsika, matope ali m'zitseko)

Mwiniwake uja wafika. Tiyi akadali m'manja.